Nyumba ya Ng'oma Iri ndi Mwini Kodi?

Akristu anzanga okondedwa, amuna ndi akazi a m'midzi yozinga phiri la Mulanje, ndi inu nonse amene muwerenga kalata uyu wa mwezi ndi mwezi pa khonde madzulo, ndiri ndi mau amene ndifuna kuwatula pamaso panu, ndipo ndipempha kuti muwamve kufikira potsiriza musanandiweruze. Ena a inu mwamva kale kuti ife a kuno ku Boma tiri kuyenda khomo ndi khomo ndi pepala, kupempha anthu kuti alembe maina ao kapena adinde chala, chifukwa cha kanyumba kamene anyamata ndi asungwana athu aphunziramo kuimba, kuomba ng'oma, kusema ndi kuchita masewero. Amene anali kutithandiza chaka ndi chaka ndi ndalama za malata, za nyale ndi za mlonda anatiuza kuti thumba laphwa. Ndipo sindiwanenera choipa, pakuti munthu sapatsa chimene alibe. Koma amai ena okalamba, Mkristu wabwino wosaphonya Misa, anandifunsa nati, "Aphunzitsi, kodi nchito yanu si katekisimu? Nanga za ng'omazi mwazitola kuti?" Funso limeneli nlabwino, ndipo ndiyesa kuti liri m'mitima ya ambiri amene sanalinene. Chifukwa chache ndilemba.

Ndiyamba ndi za ku Blantyre, pakuti zimene zinachitika kumeneko ndizo zindichititsa mantha. Ku Chichiri kunali nyumba imene Afalansa anaisunga zaka zoposa 30, dzina lache French Cultural Centre. Munali chipinda cha mabuku, munali holo, ndipo panja panali bwalo la makwerero pamene anthu mazanamazana anali kukhala kupenya masewero ndi kumva oimba. Munthu ali yense wa msinkhu wanga amene anaphunzira sukulu m'chigawo chino adziwa dzina limenelo. Du Chisiza ndi gulu lache la Wakhumbata anasewera pamenepo. A Kwathu anasewera pamenepo m'chinenero chathu, ndipo John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse linawadziwa ndi maina akuti Izeki ndi Jakobo, anaseketsa anthu kufikira nthiti kuwawa. Onse atatuwo anagona tsopano, Mulungu awalandire. Ine ndinafikako kamodzi ndiri mnyamata wa ku seminale, pa nthawi ya tchuthi, ndi ndalama ya basi imene amalume anandipatsa. Ndipo ndikumbukira kudabwa kwanga pakuona Mmalawi mnzanga alikunena pa bwalo, mwa nthabwala, mau amene akuru sanalimbe mtima kuwanena pa msonkhano.

M'chaka cha 2011 Afalansa anatseka nyumbayo nachoka. Boma lathu linaigula, ndipo tonse tinati zakoma, tsopano yakhala yathu. Koma pasanapite nthawi mbala zinalowa, nizitenga zoimbira ndi katundu wina, nizisiya nyumba iri bwinja. Dzina linasinthidwa likhale Blantyre Cultural Centre, koma dzina silitseka denga lodontha. Oimba ndi ochita masewero anadandaula pa wailesi ndi m'nyuzipepala chaka ndi chaka, napempha nduna iyi ndi inzache yolowa m'malo mwache. Nchito yokonza inayamba niima, niyambanso niimanso, kotero kuti ana obadwa m'chaka chotsekacho analandira Ukaristia woyamba asanaone nyumbayo iri monga inali kale.

Ndalingalira kawirikawiri za mbala zija. Sizinachokere ku France, iai. Zinali ana a dziko lomwe lino, ndipo kapena ena a iwo anaseka nao Izeki pa bwalo lomwelo. Nanga chinawalimbitsa mtima nchiani? Ndiyesa ndi ichi: zaka zonse zija tinalowa m'nyumba muja monga alendo a pa ukwati, kudya ndi kuvina osafunsa amene anatema nkhuni. Sitinadziwe malipiro a mlonda, sitinadziwe mtengo wa nyale imodzi. Akuru anati mlendo ndi mame. Ndipo pamene mame anakamuka, nyumba inatsala ndi dzina lakuti "ya Boma", ndipo mudziwa nokha kuti kwa ife chinthu cha Boma chiri ngati mbuzi yosokera pa msika, imene ali yense aiyang'ana ndi diso la ndiwo. Kanyumba kathu ka kuno nkakang'ono ndithu, sikayenera kulinganizidwa ndi nyumba ya ku Chichiri. Koma matenda amene anapha njobvu sadzaleka mbewa.

Tsono tiyeni tipite kumpoto pang'ono, ku Mua, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, kumene kuli nyumba ina ya luso imene iri ya Eklezia wathu. Abambo a White Fathers anafika kumeneko m'chaka cha 1902. Zaka zoyamba zija panali mkangano waukuru pakati pa mishoni ndi anthu a Nyau, pakuti sukulu ndi dambwe zinali kulimbirana ana amodzimodzi, ndipo Mkristu wopezeka pa gule analetsedwa Masakramenti. Ndani akanati m'masiku amenewo kuti pa mishoni pomwepo padzaima nyumba yosungiramo nkhope za Gule Wamkuru? Koma zinatero. M'chaka cha 1976 Bambo Claude Boucher, wa ku Canada, amene Achewa anampatsa dzina lakuti Chisale, anayamba nyumba ya KuNgoni. Anasonkhanitsa anyamata odziwa kugwira sompho, nawaphunzitsa, naphunzira kwa iwonso. Anakhala pansi ndi nkhalamba zaka zambiri kulemba tanthauzo la nkhope iri yonse ndi nyimbo zache. Lero m'nyumba ya Chamare, imene inatenga dzina kwa mmishonale wakale Champmartin, amene anthu sanathe kutchula dzina lache bwino, muli nkhope zoposa 400, pamodzi ndi mbiri ya Angoni ndi Ayao. Ndipo mitanda, zitseko za tabernakulo ndi zifanizo za Maria Woyera zosemedwa ku Mua ziri m'matchalitchi ambiri a dziko lino ndi a kunja komwe.

Sindinena kuti Mua sanalandire thandizo la kutali. Analandira, monga mishoni iri yonse. Koma taonani kusiyana kwache. Wosema wa ku Mua adya za sompho lache, nalipirira nalo ana sukulu. Mlendo wofika apereka kanthu pa khomo, nagona, nagula chosema popita. Midzi yozungulira ibwera ndi magule ao pa tsiku la chikondwerero. Munthu akafuna kuba chitseko pamenepo, aba cha mbale wache, ndipo mbaleyo amdziwa. Chomwechonso ku Balaka, kumene Alleluya Band inayamba m'chaka cha 1978 pansi pa Bambo Mario Pacifici: anyamata a pa parishi, Paul Banda pamodzi ndi anzache, ndipo pambuyo pache mng'ono wache Lucius, anapatsidwa pokhala ndi zoimbira, ndipo nyimbo zao zinadzaza dziko lonse. Akadasowa denga masiku oyambawo, tikadaziimba nyimbo za yani?

Ndidziwa chimene ena a inu muli kunena mumtima, ndipo sindichipeputsa. Muli kuti, ife tiri ndi njala. Nanga ng'oma idyedwa kodi? Inde, abale anga, ndinali pano m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa madzi ndi miyala kuchokera m'phiri, nakokolola nyumba, minda ndi milatho kuno ndi ku Phalombe, ndipo tinaika anthu m'manda ena osapezeka matupi ao kufikira lero. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100, ndipo lata limodzi, thumba la simenti ndi thumba la feteleza zinakwera ngati nyani pa mtengo. Khonsolo iri yonse ya dziko lino ikhala ndi ndalama za ziphaso za pa msika, za malaisensi, ndi zimene zichokera ku Lilongwe, zambiri za izo zitalembedwa kale nchito yache. Pamene makhansala akhala pansi kugawa zochepazo, mankhwala ali ndi wowanenera, mlatho uli ndi wounenera, mjigo uli ndi wounenera, pakuti mai amene atunga madzi a mumtsinje sakhala chete. Ng'oma yokha, chinkana iri yaphokoso pa bwalo, m'chipinda cha msonkhano iri duu. Ndipo ichi chichitika ndi m'maiko olemera omwe, kumene nyumba za mabuku ndi za masewero ndizo ziyamba kudulidwa ndalama zikachepa.

Ine sindipempha kuti ng'oma itsogole mankhwala. Mwana wanga akadwala malungo ndidzathamangira kuchipatala, sindidzathamangira kwa woomba ng'oma. Koma ndifunsa inu amene munagona m'zipinda za sukulu masabata aja a Freddy, mabanja khumi m'chipinda chimodzi: usiku utafika, ana alikulira, mvula isanaleke, chinatonthoza anthu nchiani? Kumene ine ndinali, anali asungwana anai a kwaya amene anayamba nyimbo pansipansi, ndipo amai ena anavomera, ndipo mkuru wina amene anataya mkazi wache, amene sanalankhule masiku atatu, anatsegula pakamwa naimba nao. Ufa unabwera pambuyo pache, ndipo tinauyamika. Koma usiku umenewo ufa panalibe. Ndiponso ndifunsa, ndani wa inu afuna kuika mai wache m'manda popanda nyimbo? Maliro akagwa, uthenga woyamba upita kwa mfumu, wachiwiri kwa ife, wachitatu kwa a kwaya. Ndipo akachedwa a kwaya, anamfedwa akwiya. Pa ukwati chimodzimodzi. Tonse tifuna oimba pa tsiku lathu, koma sitifunsa kumene anaphunzira, kapena ngati anaphunzira pansi pa denga kapena pansi pa mtengo wa mango. Ndipo mudziwa mvula ya Mulanje: kuyambira Disembala kufikira Malichi mtengo wa mango suli nyumba, ndipo chiperoni chikadza m'mwezi wa Juni chikopa cha ng'oma chilefuka ngati nsanza.

M'buku la Eksodo tiwerenga kuti ana a Israele ali m'chipululu, opanda munda, opanda mudzi, akudya mana tsiku ndi tsiku, Mulungu anaitana munthu ndi dzina lache, Bezalele, namdzaza ndi nzeru za kusema mitengo ndi miyala ndi kusula zitsulo, nampatsa mnzache Oholiabu womthandiza, kuti amange chihema chokoma. Sanadikire kuti ayambe afika m'dziko la mkaka ndi uchi. Ndipo chimene chindikondweretsa koposa m'mbiri imeneyi ndi ichi, kuti zomangira sizinachokere kwa Farao kapena kwa mfumu ina yachilendo: anthu eni ache anabwera nazo, akazi ndi ndolo zao ndi thonje lopota ndi manja ao, amuna ndi matabwa ndi zikopa, kufikira Mose anawaletsa chifukwa zinachuruka. Ine m'zaka zanga zonse za nchito ya Mulungu sindinaone tsiku limene tinaletsa Akristu kupereka chifukwa zachuruka. Koma sindinataye mtima.

Makolo athu oyamba kubatizidwa anaimba Misa m'Chilatini, ndipo ng'oma inatsala panja pa tchalitchi monga galu. Msonkhano waukuru wachiwiri wa ku Vatican, m'chaka cha 1963, unalola kuti mitundu ya anthu itamande Mulungu m'zinenero zao ndi m'maimbidwe ao. Ndipo pamene Papa Yohane Paulo wachiwiri anafika m'dziko lino m'mwezi wa Meyi 1989, analandiridwa ndi ng'oma ndi nthungululu, osati ndi limba lokha. Lero palibe tchalitchi cha kumudzi chopanda ng'oma ndi maseche. Koma ndani asema ng'omazo? Kuno kwathu ndidziwa nkhalamba ziwiri zokha zotsala zimene zidziwa nchitoyo kuyambira pa tsinde: kusankha mtengo wosang'ambika, kuufukula mkati ndi kusiya khoma lolingana, kunyika chikopa, kuchikoka ndi kuchikhomera ndi zikhomo, kumata phula pakati kuti liu litsike, ndi kudziwa pa moto kuti yawambika, isanapse. Mmodzi wa iwo maso ayamba kuchita khungu. Nzeru imeneyi siiri m'buku liri lonse. Iri m'manja, ndipo ilowa m'manja a mwana pokhapokha akakhala pambali pa mkuru miyezi yambiri. M'kanyumba kathu ndimo akomana awiriwo. Kakatsekedwa, mkuru adzakhala pa khonde pache, mnyamata adzapita kukathyola tiyi masiku a mvula ndi kukhala pa mowa masiku a chilimwe, kapena adzakwera basi ya ku Johannesburg monga anzache. Ndipo zaka khumi zikubwerazi tidzaimba Gloria ndi chigubu cha mafuta.

Pali chinthu china chimene chikhudza ife a Mulanje koposa ena. Ambiri a ife ndife Alomwe. Makolo athu anaoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala, nafika kuno kudzagwira thangata ndi kulima tiyi, amene anabzalidwa ku Lauderdale m'chaka cha 1891. Anatchedwa ndi dzina lonyoza, ndipo ambiri anachita manyazi ndi chinenero chao, nalankhula ndi ana ao Chinyanja chokha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Alomwe ndiwo mtundu wachiwiri kuchuruka m'Malawi, kutsata Achewa. Koma lowani m'kalasi langa la katekisimu mufunse ana amene angathe kupereka moni ndi kuyankha m'Chilomwe, mudzawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Agogo anga akazi anali kupemphera Korona m'Chinyanja, koma akakwiya kapena akalota analankhula Chilomwe. Ine ndimva pang'ono, ana anga samva konse. Chimene chinatsala, chinenero chitathawa m'kamwa, chinabisala m'nyimbo za magule.

Gule wa Tchopa analembedwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 2014 m'kaundula wa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, monga Gule Wamkuru ndi Vimbuza zinalemekezedwa m'chaka cha 2005. Amene munampenya mudziwa maonekedwe ache: ng'oma zitatu, ovina makumi awiri kapena atatu akuzungulira ndi kupingasana, ena atabereka mitolo ya makasu, zikopa za nyama, zidole, zida za uzimba ndi ziwiya zakale, monga anthu a pa ulendo amene anyamula mudzi wao wonse kumbuyo. Ine ndikampenya ndiona makolo athu alikuoloka Ruo. Chaka ndi chaka m'mwezi wa Okutobala a Mulhako wa Alhomwe asonkhana pa Chonde, ndipo khamu lichuruka, magalimoto adzaza mseu, akuruakuru alankhula. Nzabwino, koma tsiku limodzi pa chaka siliphunzitsa mwana. Amene avina pa Chonde anaphunzira kwina, masabata onse a chaka, pamalo pamene palibe wailesi kapena nduna.

Pano ndiyenera kunena mosabisa, pakuti ndine mphunzitsi wa chikhulupiriro. Tchopa kale anali kuvinidwa pothira nsembe kwa mizimu, pa chilala ndi pa mliri, ndiponso pokondwerera dzinthu ndi nyama ya uzimba. Ife Akristu tiri ndi nsembe imodzi, ya pa altare, ndipo sitithira ina. Akufa athu tiwapempherera, makamaka m'mwezi wa Novembala, sitiwaopa. Ichi ndiphunzitsa ndipo sindidzaleka. M'kanyumba kathu simuthiridwa ufa kapena mowa pansi, ndipo Abambo a parishi adziwa zonse zichitikamo. Koma phazi la gule, kulira kwa ng'oma, mau akale a nyimbo, ndi mtima woyamika pa zokolola, zimenezi sindipeza tchimo mwa izo. Ndipo ngati ku Mua, kumene mkangano unali woopsa koposa wathu, ansembe anatha kukhala pansi ndi kusankha chabwino ndi kuchisunga, ife tiopa chiani? Mkristu amene chikumbumtima chache chimvuta pa ichi asakakamizidwe. Abwere tikambirane, kapena afunse Abambo.

M'mwezi wa Julayi 2025 phiri lathu lomwe linalembedwa ndi UNESCO pakati pa malo olemekezeka a dziko lapansi, lachitatu m'Malawi kutsata nyanja ya ku Cape Maclear ndi zojambula za pa miyala za ku Chongoni. Ndipo sanalilembe chifukwa cha kutalika kwa Sapitwa, mamita 3,002, koma chifukwa cha miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alomwe okhala m'tsinde mwache. Alendo adzabwera kudzafunsa miyamboyo. Tidzawaonetsa chiani? Kufikira tsopano tawagulitsa timabokosi ta mkungudza m'mbali mwa mseu, ndipo mkungudza womwewo, mtengo wa fuko lathu, tinaudula kufikira akuru ache anatha m'phiri, ndipo tsopano anthu alikubzala mbande zimene adzukulu athu ndiwo adzaone mthunzi wache. Mnyamata wophunzitsidwa bwino angaseme chinthu chokoma ndi mtengo wamba wa m'munda, nachigulitsa mtengo wabwino chifukwa cha luso. Wosaphunzitsidwa agulitsa fungo la mkungudza lokha.

Tsono za pepala lija. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo chitseko chiripo, chinkana ambiri sitichidziwa. Lamulo la maboma ang'ono la chaka cha 1998 linaika njira yakuti zofuna za anthu zikwere kuchokera pansi. Nkhani iyamba m'mudzi, pa komiti ya chitukuko ya kwa agulupu. Ikavomerezeka ikwera ku komiti ya dera lonse la mfumu yaikuru, kaya ndi kwa a Mabuka, kwa a Chikumbu, kwa a Mkanda kapena kwina. Ndipo kuchokera kumeneko ifika ku khonsolo, kumene ilowa kapena ilephera kulowa m'ndondomeko ya chitukuko cha boma lonse. Chimene sichinanenedwe pa komiti ya m'mudzi sichidzaoneka m'buku la ku khonsolo, chinkana tilire chotani pambuyo pache. Kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo ndiyesa kuti m'zaka zimenezo tinaiwala kupempha mwa njira yache, tinazolowera kudikira munthu wa galimoto amene aponya ndalama pa msonkhano. Tsopano makhansala alipo, tinawasankha tokha m'mwezi wa Seputembala 2025, ndipo akhala pakati pathu. Ena tipemphera nao. Chaka cha ndalama za Boma chiyamba pa 1 Epulo, chotero wopempha ayenera kufika miyezi ya m'mbuyo mwache, zisanalembedwe; wofika m'mwezi wa Meyi apeza mphika utatsukidwa.

Ndipo tisapite manja ali m'thumba. Ichi ndicho ndinaphunzira poyerekeza Chichiri ndi Mua. Tikapita kukanena kuti, tipatseni, adzatiyankha kuti, tiribe, ndipo adzakhala akunena zoona. Koma tikanena kuti, njerwa taumba ndi kuotcha tokha, mchenga watutidwa ndi a mphakati wakuti, ulonda tigawana mabanja usiku ndi usiku, ana ophunzira ndi awa maina ao, nkhalamba zophunzitsa ndi izi; chotisowa ndi malata akuti ndi misomali, ndi kalata wotsimikiza kuti malowa sadzasandutsidwa sitolo; pamenepo khansala ali ndi kanthu kogwira m'manja polankhula ndi anzache. Ndipo akakana chaka chino, njerwa ziri zathu ndithu, ndipo mwana amene anasenza njerwa pamutu sadzabwera usiku kudzazula chitseko. Buku la ndalama likhale poyera, liwerengedwe pamaso pa onse mwezi ndi mwezi, pakuti makomiti ambiri abwino anafa ndi kunong'ona. Chinthu chimodzi ndichenjeza: pasapezeke munthu wopaka khoma la nyumbayo utoto wa chipani, chinkana alonjeze malata onse. Utoto umenewo usuluka pa zaka zisanu, ndipo wolowa m'malo adzaiyesa nyumba ya mdani wache.

Ena anandifunsa ngati nyumbayo idzakhala ya Akatolika okha. Iai. Mwa ana amene abwera muli a Chikalasi cha ku Mulanje Mission, muli Asilamu, muli ena osapemphera konse, ndipo woomba ng'oma wopambana onse ndi mnyamata wa Chisilamu amene atithandiza pa maliro athu osafunsa kanthu. Pepala lathu lapita kwa abusa ndi kwa mashehe omwe, ndipo ena adinda kale.

Pepalalo lidzakhala pa khomo la tchalitchi Misa itatha, masabata onse a mwezi uno, ndipo atsogoleri a miphakati adzayenda nalo kwa odwala ndi okalamba amene sangathe kufika. Musadinde chifukwa cha kundichitira ine manyazi. Werengani, kapena auzeni ana akuwerengereni, ndipo mufunse chimene simunamve. Amene muli m'komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwanu, ndikupemphani muitchule nkhaniyi pa msonkhano ukudzawu, ilembedwe m'buku. Ndiponso ngati m'nyumba mwanu muli ng'oma yakale yong'ambika pa tsindwi, kapena sansi, kapena mangolongondo amene mwini wache anamwalira, musazisonkhezere pa moto. Uzani mtsogoleri wa mphakati, tidzatuma anyamata adzatenge. Nkhalamba zathu ziwiri zavomera kuphunzitsa Loweruka liri lonse, anthu ataweruka kumunda, ndipo chikopa cha mbuzi imene mudzaphe pa Khirisimasi tichifuna, chosabooka ndi mpeni, choyanikidwa pa mthunzi.

Ndine mbale wanu mwa Kristu,
Katekisti wa ku Mulanje Boma.